Pabwalo la Malawi ndi Scotland, ndani akulankhula?

Mu 2013 Kenneth Ross adatulutsa buku lakuti Malawi and Scotland: Together in the Talking Place since 1859. Mutuwo ukunena za bwalo, pamene anthu amakhala pansi n'kukambirana. Fanizoli ndi lokoma, koma lili ndi ngongole yake: pabwalo mlandu sagamula atamva mbali imodzi.

Ubwenziwu si wabodza ayi. David Livingstone adafika kuno mu 1859. Mzinda wa Blantyre udatenga dzina la kwawo. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatikakamira kuyambira 1953, mpingo wa Church of Scotland udaima nafe poyera. Mu 2005 Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell adasainirana pangano la mgwirizano. Kuno kwathu, chipatala cha Mulanje Mission ndi chipatso cha mbiri yomweyi. Zimenezi tisazinyoze.

Koma taonani m'munsi mwa phirimu, anzanga. Tiyi amene Henry Brown adadzala ku Thornwood mu 1891 adachokera ku mishoni ya Blantyre. John Moir, wa kampani ya Mandala ya ku Glasgow, adakhazikika ku Lauderdale. Nanga adalima mindayo ndani? Ambiri anali Alomwe oolokera kuno kuchokera ku Mozambique, amene ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo, ija timati thangata. Ku Magomero, esiteti imene idawawitsa anthu mpaka John Chilembwe kudzuka mu 1915 inali ya banja la mkamwini wa Livingstone. Amenewanso ndi a ku Scotland. Ubale wathu udalowera pakhomo la tchalitchi, udaloweranso pachipata cha esiteti.

Apa ndiye pali dandaulo langa. Ross ndi mbusa ndiponso mphunzitsi wa mbiri ya mpingo, ndiye n'zosadabwitsa kuti maso ake ali pa mishoni. Bukulo lilinso m'Chingerezi. Mayi wothyola tiyi, amene agogo ake adagwira thangata, sangaliwerenge, sangaliyankhe. Bwalo lanji limenelo?

Mlandu si wa Ross yekha. Iye walemba zimene adaona ali pakhonde pake. Ife olemba a kuno tili kuti? Agogo odziwa nyimbo za m'minda ya tiyi akutha mmodzimmodzi, pamene mafoni ojambulira mawu tili nawo m'matumba. Bwenzi lenileni silithawa likamva zowawa. Tiyeni tikawafunse agogowo, tilembe m'Chichewa ndi m'Chilomwe, kenaka tikawerengere anzathu a ku Edinburgh.