Mbuzi ilibe mano akutsogolo kumwamba

Ana akauzidwa kulemba zoona zokhudza nyama, ambiri amayamba mofanana: "Mbuzi ndi chiweto. Ili ndi miyendo inayi." Palibe bodza pamenepa, koma palibenso chokopa munthu kuti apitirize kuwerenga. Mwana wa ku Tsangano kapena ku Furancungo amene amaweta mbuzi tsiku ndi tsiku walemba ngati sanaionepo.

Pofuna kuchiza vutoli, aphunzitsi ena amapatsa ana chiyambi chokonzeratu: "Kodi mukudziwa kuti...?" Njirayi imathandiza tsiku loyamba lokha. Kalasi yonse ikayamba ndi funso limodzimodzi, ndiye kuti chizolowezi chakale changovala malaya atsopano. Ena amalola ana kuyamba ngati nthano. Apo kalulu amasanduka wochenjera ndipo kadzidzi amalosera maliro. Nthano zili ndi malo ake, koma pano owerenga akufuna zimene angathe kukatsimikiza okha.

Chiyambi chabwino chimachokera pa kusankha. Mwana atchule pakamwa, m'Chinyanja, zinthu zisanu zimene akudziwa za nyamayo, kenako anzake anene chimene chawadabwitsa. Chimenecho chikhale chiganizo choyamba. "Mbuzi ilibe mano akutsogolo kumwamba, koma imatha kumaliza dimba la kabichi." "Nkhuku imakhalira mazira masiku 21." "Diso limodzi la bilimankhwe limayang'ana kutsogolo, linalo kumbuyo." Zonsezi ndi zoona, ndipo mwana wokayika angakatsegule pakamwa pa mbuzi madzulo omwewo.

Ndagi nazonso zingathandize, chifukwa ana amadziwa kale kubisa dzina ndi kuonetsa khalidwe. Kusiyana kwake n'kwakuti pano dzina la nyama liyenera kutuluka m'chiganizo chachiwiri, osamusiya wowerenga m'malere.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kuyambira pa ntchito yoyesera ya PEBIMO, imene bungwe la INDE linachita ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, maziko a maphunziro a zilankhulo ziwiri akhala akuti luso lophunziridwa m'chilankhulo cha kunyumba limawolokera ku Chipwitikizi. Mawu oloweza pamtima sawoloka. Amangofunika kulowezanso ena. Chimene chimawoloka ndi luso loyang'ana, kusankha mfundo ndi kuganizira wowerenga. Mphunzitsi akamachonga, asayambe ndi masipelo. Ayambe wafunsa mwanayo kuti: "Chimenechi unachiona kuti?"