Ngodya Zitatu Kapena Thirayango? Za Mau a Masamu m'Chicheŵa

Pa sekondale ya Hoërskool Garsfontein, kummaŵa kwa mzinda wa Pretoria, ana amaphunzira masamu m'Chiafrikaans. Mwana akapatsidwa funso lopeza kutalika kwa mbali imodzi ya *driehoek*, dzinalo lamuuza kale kanthu, pakuti *drie* ndi zitatu ndipo *hoek* ndi ngodya. M'Chiswahili namonso amati *pembetatu*. Nanga ife? Mwana wa ku Dedza anapatsidwa *thirayango*, liu limene silimuuza chilichonse, koma angoliloŵeza pamtima.

Mercy Kazima, polemba m'magazini ya *Pythagoras* mu 2008, anasonyeza njira ziŵiri: Tanzania ndi Nigeria anapanga mau ao, pamene Malaŵi anabwereka a Chingerezi nawalemba m'kalembedwe ka Chicheŵa. Sitikutsutsa kubwereka konse. Anthu pamsika amati *seveni*, osati zisanu ndi ziŵiri, ndipo wofuna kuletsa zimenezo angotaya nthaŵi. *Saini* ndi *kosaini* tiwabwereke ndithu, popeza ndi alendo ngakhale m'Chingerezi chomwe. Chotidandaulitsa nchakuti tinabwereka ndi pamene tinali ndi zathu. Liu loti ngodya analidziŵa mwana aliyense wa m'nthaŵi ya Dr. Banda, poti ngodya zinayi za dziko zinkatchulidwa pamisonkhano yonse, koma Bungwe la Chicheŵa, limene linagwira ntchito kuyambira 1972 mpaka 1995, silinatisiyire mau okhazikika a chiphunzitso cha maonekedwe a zinthu.

Komatu mau athuathu nawonso ali ndi msampha wake, ndipo apa mpofunika kuima pang'ono. Kuphatikiza ndi kuchotsera sikuvuta. Kugaŵa ndiye nkhani ina. M'chinenero chathu timagaŵa nyama kapena chimanga kwa anthu, ndipo yense amalandira chochepa kuposa chonsecho. Tsono 12 ÷ 3 mwana amaimva bwino: mango 12, ana atatu, yense anayi. Koma mpatseni 6 ÷ ½. Adzagaŵira bwanji theka la munthu? Ndipo akauzidwa kuti yankho ndi 12, nambala yoposa 6, amayesa kuti mphunzitsi walakwa. Funso lenileni apa nlakuti, kodi matheka angati aloŵa mu 6? Chicheŵa chikhoza kufunsa chotero momveka bwino, koma liu loti kugaŵa limaphimba funsolo. Kuchulukitsa nakonso kumanama tikachulukitsa 8 ndi ½ nkupeza 4.

Ena adzati zonsezi nzachabe, popeza mu 2014 boma la Malaŵi linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Aphunzitsi akumidzi amalongosolabe m'Chicheŵa mwana akasoŵa pogwira. Tisaiŵalenso kuti Chiafrikaans chimene chikuthandiza mwana ku Garsfontein ndicho chinakakamizidwa pa masamu m'sukulu za anthu akuda mu 1974, ndipo ana a ku Soweto anachikana pa 16 Juni 1976.