Dark Sun ikabweranso, isatibweretsere mthunzi wabodza

Mu Meyi 2025, Wizards of the Coast, kampani yopanga Dungeons & Dragons, inapatsa osewera malamulo oyesera a Psion, munthu amene mphamvu zake zicokera m'maganizo osati m'matsenga. Mu Ogasiti inatulutsanso ena: womenya nkhondo wa m'bwalo la zionetsero, wamatsenga wowononga nthaka, wosunga zacilengedwe, ndi wotumikira mfumu yamatsenga. Amene akhalitsa pa thebulo la madaisi anamva fungo lake pomwepo. Zonsezi ndi za Dark Sun. Ine ndakondwera, koma nkhawa nayo ndili nayo.

Kwa amene simunaimvepo, Dark Sun inatuluka mu 1991 ku kampani ya TSR. Anailemba ndi Timothy Brown ndi Troy Denning, ndipo zithunzi zambiri anajambula ndi Brom. Dziko lake ndi Athas, cipululu cimene kale cinali cobiriwira. Cinaliumitsa ndi matsenga. Wamatsenga akafuna mphamvu amaikoka ku zomera, ndipo akacita mwadyera, udzu ndi mitengo yomuzungulira imasanduka phulusa. Mizinda monga Tyr, Urik ndi Nibenay ili m'manja mwa mafumu amatsenga amene agwira zitsime. Citsulo n'cosowa, conco zida ndi za mafupa ndi miyala, ndalama ndi zadothi lootca. Milungu yoyankha mapemphero kulibe.

Ciyembekezo canga cacikulu cili pa madzi. Masewera ambiri a mtundu uwu amakamba za golide ndi zinjoka, koma Athas imafunsa funso limene ife tilidziwa bwino: nanga citsime cikauma, ndani amwa? Mu 2024 cilala cinatentha cimanga, madzi a ku Kariba anatsika, magetsi n'kumapita pafupifupi tsiku lonse. Mnyamata wa ku Kanyama kapena Chawama amene anaimapo pamzere ndi cigubu safunika kumufotokozera kuti wogwira pompi ndiye mfumu. Ndipo wamatsenga wa ku Athas amene asankha pakati pa kupulumuka lelo ndi kusiya mtengo uli moyo sasiyana kwenikweni ndi wootca malasha amene ana ake afuna nsima. Sewero limene lingakuike pa mpando umenewo ndi loyenera kubwerera.

Apa ndiye pali nkhawa yanga yoyamba. M'malamulo a masiku ano muli matsenga ochedwa Goodberry, amene munthu wongoyamba kumene angacite. Amatulutsa tizipatso 10, ndipo kamodzi kakwanira kudyetsa munthu tsiku lonse. Palinso ena otulutsa madzi. Akasiya zimenezi mmene zilili, cipululu cidzangokhala cithunzi cokongola kumbuyo. Dark Sun ya 1991 inali yankhanza mwadala. Munali kuyambira pa levo 3, ndipo munali kukonzeratu anthu anayi cifukwa imfa inali pafupi. Sindikupempha kuti tizifa sabata iliyonse, koma ludzu liyenera kuluma. Walira mvula walira matope.

Nkhawa yaciwiri ndi ukapolo. Mizinda ya Athas inamangidwa ndi akapolo, ndipo pali mtundu wa anthu ochedwa mul amene amaberekedwa dala kuti akhale akapolo. Mu 2023, Kyle Brink, amene panthawiyo anali mmodzi wa akuluakulu a D&D, anakamba kuti dzikoli lili ndi zovuta zambiri pa miyezo ya masiku ano. Ndimumvetsa. Mu 2022 kampaniyi inapepesa cifukwa ca buku la Spelljammer, mmene munali anthu ooneka ngati anyani ochedwa hadozee, okhala ndi mbiri yofanana ndi mabodza akale onyoza anthu akuda. Atapsa motero, n'zosavuta kuti angofafaniza zonse.

Koma kufafaniza si kukonza. Nkhani yoyamba ya Dark Sun ndi ya kugwa kwa Kalak, mfumu ya Tyr, ndipo pakati pa amene anamugwetsa panali akapolo monga Rikus ndi Sadira. Mukacotsa unyolo, mwacotsanso amene anaudula. Cimene ndifuna n'cakuti akapolo akhale eni nkhani, okhala ndi maina, mabanja ndi mapulani ao, osati katundu wokongoletsa msika. Alembi ocokera kwa anthu amene makolo ao anagulitsidwapo akhale nao pa nchito yolemba kuyambira paciyambi, asaitanidwe pothera kuti adzangosaina. Ndipo buku lipatse wotsogolera sewero njira yofunsa anzake zimene safuna kuona pa thebulo.

Cacitatu ndi thumba. Buku limodzi mwa atatu akuluakulu a 2024 ndi madola 49.99, ndipo Forgotten Realms ya 2025 anaigawa m'mabuku awiri. Sinthani zimenezo mu kwacha, muonjezepo zotumizira, muone ngati wa mu komboni angakwanitse. Malamulo oyambira alipo kale aulele pa intaneti. Akaikako cigawo cocepa cabe ca Athas, gulu la anzanu asanu lokhala ndi foni imodzi lingayambe.

Dark Sun inabwererapo kale mu 2010, ndipo inakwanitsa kulowa m'malamulo atsopano osataya ukali wake. Conco n'zotheka. Ikadzatuluka, ndidzayamba kuyang'ana zinthu ziwiri: mtengo wa cigubu ca madzi, ndi dzina la woyamba kudula unyolo. Zikasowa, mudziwe kuti atigulitsa mcenga cabe.