Muvi wosuntha popanda batire

Pali kachipangizo koyezera mphamvu ya mafunde a wailesi kamene kalibe batire. Muvi wake umakankhidwa ndi mafunde omwe akuyezedwawo, ndiye luso lonse la wokapanga lagona pa kusamala kamphamvu kochepa kamene eriyo yatola, kuti kasatayike panjira.

Zida zake n'zokwana m'dzanja limodzi: kawaya ka eriyo, diode, capacitor, koyilo, ndi mita ya muvi ya 50 kapena 100 microampere. Ena mitayo amachita kuzula mu wailesi yakale ya kaseti. Magetsi amene eriyo imatola amapita uku n'kubwerera kambirimbiri pa sekondi imodzi, moti muvi sungawatsatire, umangoti chilili. Diode imawalola kudutsa mbali imodzi yokha, capacitor n'kuwasalaza, muvi n'kudzuka.

Pa diode m'pamene mmisiri amadziwikira. Ya silicon, yopezeka paliponse, imafuna pafupifupi 0.6 volt kuti itseguke bwino, ndipo mafunde ofooka safika pamenepo. Iye amasakasaka ya germanium, monga 1N34 imene kampani ya Sylvania inatulutsa mu 1946, chifukwa imayamba kugwira ntchito pa theka la mlingo umenewo kapena kucheperapo. Koma germanium imadana ndi moto. Muoneni powotcherera: mwendo wa diode waupana ndi pulayazi pakati pa kagalasi ka diodeyo ndi powotchapo, kuti kutentha kuthere m'chitsulo. Wakhudzitsa mtovu kamodzi, wachotsa dzanja. Mfundo yake yatuluka yosalala, yonyezimira, osati chibuma chotuwa cha munthu wothamangira kumaliza. Miyendo yonse waidula kukhala yaifupi, pakuti magetsi akamapita uku n'kubwerera mofulumira kwambiri, kawaya kotsalira kamasanduka koyilo yosaitanidwa. Zonse amazitsekera m'kabokosi kachitsulo, eriyo yokha n'kusuzumira kunja.

Mitayi siuza munthu kuti mphamvu ndi yakutiyakuti. Imangonena kuti yakwera kapena yatsika, ndipo kwa wokonza eriyo ya wailesi youlutsira mawu, zimenezo n'zokwanira. Amaika kabokosi patali ndithu, pamalo amodzi osasunthasuntha, iye n'kufutukapo chifukwa thupi lake lomwe limasokoneza mafunde. Akaulutsa amayang'ana muvi, amazimitsa, n'kudulako eriyo pang'ono. Muvi ukakwera amadulanso. Ukayamba kutsika ndiye kuti wapyola muyeso, ndipo n'chifukwa chake odziwa sadula msanga: amayamba apinda nsonga ya waya, kuti akalakwitsa aiwongole.