Mnzako Akapsa Ndevu Mzimire

Akuluakulu a m'midzi mwathu akali kuikumbukira nthomba, nthenda ija inkapulula ana, kuchititsa ena khungu ndi kusiya opulumuka ali ndi zipsera kumaso. Nthendayi sinathe yokha ayi. M'chaka cha 1967 bungwe la WHO, loyang'anira zaumoyo pa dziko lonse, linamema maiko kuti alimbane nayo pamodzi. America ndi Soviet Union, maiko amene pa nthaŵiyo ankayang'anana ndi diso lofiira, anathandizana pa ntchito imeneyi. Kukamveka wodwala, otemera ankathamangirako ndi kutemera onse omzungulira, monga momwe timalambulira m'mphepete mwa munda kuti moto wolusa usaloŵemo. Womaliza kuitenga m'mudzi anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 kunalengezedwa kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi.

Phunziro lake linali losavuta kumva: nthenda siidziŵa malire, ndipo pa chipata cha dziko siionetsa chiphaso. Nanga kodi maiko analisunga phunziroli? Ife tikuti analitaya, ndipo mliri wa Covid-19 ndiwo unaulula zimenezi.

Katemera wa nthendayi anayamba kuperekedwa ku Britain ndi ku America mu Disembala 2020. Apo n'kuti maiko olemera ataguliratu wochuluka, ena wokwanira kubaya nzika zawo kangapo konse. Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho Papa Francis anadandaulira atsogoleri kuti katemera akhale wa onse, makamaka osauka, koma mawu ake anagwa pathanthwe. Kuno ku Malaŵi woyamba anafika mu Malichi 2021, wongokwanira kubaya kamodzi anthu 360,000 m'dziko la anthu oposa 18 miliyoni. India ndi South Africa anapempha mu Okutobala 2020 kuti malamulo oletsa ena kupanga mankhwala popanda chilolezo cha eni ake ayambe aimitsidwa. Yankho linadza mu Juni 2022, lopereŵera ndiponso lochedwa. Ndipo pamene akatswiri a ku South Africa ndi Botswana anaulula za mtundu watsopano wa kachilomboka, wotchedwa Omicron, mu Novembala 2021, mphotho ya kuona mtima kwawo inali yakuti maiko olemera anatsekera zitseko anthu a chigawo chino, Amalaŵi omwe. Amene amaŵerenga Mthenga Wabwino sangalephere kumzindikira Lazaro pa khomo la mwini chuma uja.

Ena adzati boma lililonse liyenera kuyamba lasamala anthu ake. Nzoona, pakuti bambo sadyetsa mudzi ana ake atagona ndi njala. Koma pa nkhani ya mliri, kusamala mnzako ndiko kudzisamala wekha. Taonani za poliyo. Mu 1988, pamene maiko anapangana zomuthetsa, ankapundula ana pafupifupi 350,000 pa chaka. Mu Ogasiti 2020 kunalengezedwa kuti poliyo wachilengedwe watha mu Africa monse. Komabe mu Febuluwale 2022 kunamveka kuti mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapunduka naye, ndipo ofufuza anapeza kuti kachilomboko kanali ka mtundu wa ku Pakistan, kumene nthendayi inali isanathe. Posakhalitsa anapezekanso m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mwakuti ana mamiliyoni a maiko asanu, Malaŵi, Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, anayenera kulandiranso katemera. Mwana wosatemeredwa kutsidya kwa nyanja anakhala nkhani ya mayi wa ku Lilongwe. Chimene chinachitikira wosauka apa chingachitikirenso wolemera, popeza ndege imene imanyamula mlendo imanyamulanso nthenda yake.

Tsono mlandu suli kwa olemera okha. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa anasonkhana ku Abuja ndi kulonjeza kuti pa ndalama 100 zilizonse za boma, 15 zidzipita ku zaumoyo. Maiko amene anasunga lonjezoli ndi oŵerengeka. Kolera amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mu 2022 ndi 2023 sankafuna nzeru zachilendo kuti apeŵedwe: madzi abwino, zimbudzi ndi chipatala chapafupi ndizo zinasoŵa. Zimenezi ndi zomwe zija maiko 134 anagwirizana ku Alma-Ata mu 1978, polonjeza umoyo wabwino kwa onse pofika chaka cha 2000. Ndipo pamene boma la America linadula thandizo lake lochuluka mu 2025, kunaoneka poyera kuti miyoyo ya odwala ambiri mu Africa inali itapachikidwa pa thumba la mlendo.

Mu Meyi 2025 maiko a m'bungwe la WHO anavomereza pangano lokonzekera miliri ya mtsogolo. Ndi chinthu chabwino, koma America sanali nawo, ndipo mfundo yovuta kwambiri, yonena za momwe maiko oulula tizilombo tatsopano adzapindulire ndi katemera wopangidwa kuchokera ku tizilomboto, anaisiya kuti adzakambirane pambuyo pake. Pangano lotere lidzayesedwa pa tsiku la mliri, pamene katemera adzakhala wochepa ndipo ofuna ali ambiri.

Nanga ife a m'maparishi, mbali yathu ndi yotani? Mkhristu sangadzudzule wolemera chifukwa choumira katemera, iye mwini akubisa mwana wake m'nyumba otemera akafika. Mwana wotemeredwa amatchinjiriza ndi khanda la mnansi lomwe. Chimbudzi cha banja limodzi chimasunga chitsime cha mudzi wonse. Miphakati yathu ingathe kutsutsa mabodza onena za katemera, kuyendera odwala ndi kufunsa aphungu kumene ndalama za zipatala zikupita. Makolo anati mnzako akapsa ndevu mzimire, maŵa adzazima zako. Ambuye anapitirira pamenepo potiphunzitsa kuti wodwalayo ndi Iwo amene, ngakhale atakhala wosatha kutibwezera. Pa muyeso umenewu ndi pamene maiko, maboma ndi mabanja athu adzayesedwa.