Za Alendo Openya Nyama ku Majete ndi ku Lengwe

Ife a kwa Katunga tinazolowera alendo kuyambira kale. Masiku a makolo athu sitima za pamadzi zinkaima padooko pano, ndipo aulendo ankakwera mapiri kumka ku Blantyre, akatundu awo ali pamitu ya amtengatenga. Lero ulendo watembenuka: alendo amatsikira ku Thabwa pa galimoto zosenza mahema, nalunjika ku Majete kapena ku Lengwe kukagona m'thengo ndi kupenya nyama. Mwambo umenewu tifuna kuuyesa pa muyeso, tione pamene ulemera ndi pamene upepuka.

Poyamba tiuyamike. Mu 1859 Livingstone anaona njovu mazanamazana m'dambo la kumunsi kwathu, nalitcha Elephant Marsh. Koma mfuti zinazitha. Nkhalango ya Majete inapatulidwa mu 1955, komabe pofika 1992 njovu zake zinali zitaphedwa. Ndipo tisabise, misampha yambiri ya m'menemo inatcheredwa ndi manja a m'midzi yathu. Mu 2003 boma linapangana ndi bungwe la African Parks. Chipembere chinabwerera chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, kufikira kuti mu 2017 Majete anagawirako Nkhotakota njovu zake. Ndalama imene mlendo asiya pachipata ithandiza kulipira alonda ndi kusunga mpanda umene utchinjiriza mapira ndi thonje lathu. Pamenepa palibe chodandaula.

Koma zilema zilipo zitatu. Choyamba ndicho liwiro. Mlendo afika ndi maina asanu pamtima: njovu, mkango, nyalugwe, njati ndi chipembere, akaziona zimenezi ayesa kuti watha nkhalango. Kodi iye amene awerenga mitu yokha ya buku tinganene kuti waliwerenga? Lengwe anapatulidwa mu 1928 makamaka chifukwa cha boo, nyama yamanyazi yobisala m'zitsamba, imene ionekera bwino kwa iye wokhala chete pathamanda. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri ndicho chakuti ambiri agula zonse m'masitolo a ku Blantyre, napita pamidzi yathu mazenera ali otseka. Cholandira mwini mudzi ndi fumbi. Ndipo ena akaima, ajambula ana athu osapempha, monga ajambulira anyani a m'njira. Mlendo wotere waona nyama za Chigwa cha Shire, koma chigwacho sanachione.

Chachitatu, chimene chiposa zonse, chili pa ife tomwe. M'sukulu zathu tiphunzitsa ana za mkango ndi chipembere pa chithunzi cha m'buku, pamene nyamazo zili pa ulendo wa m'mawa umodzi. Munthu wa ku London aoloka nyanja kudzaziona, ife tingoti, "Zimenezo n'za azungu." Chonsecho mwana wa Malawi alipira pachipata ndalama yochepa kuposa wochokera kunja. Taonani ngozi yake: chinthu chimene munthu sanachione sachikonda, ndipo chimene sachikonda sachisunga. Tsiku limene wina adzadula waya wa mpanda kuti apange misampha, adzamuletsa ndani, ngati mudzi wonse uyesa nkhalangoyo munda wa eni?

Chotero, abale, tipempha aphunzitsi ndi makolo kuti pogulitsa thonje asonkhe pang'onopang'ono, nabwereke galimoto imodzi m'nyengo ya chilimwe, pamene udzu wauma ndipo nyama zisonkhana kumadzi. Atenge ana ndi agogo awo pamodzi, pakuti agogo adziwa mapazi ndi maina a nyama amene buku silidziwa. Akagone usiku umodzi pamsasa, amve mvuu zikulira m'Shire pafupi ndi mathithi a Kapichira. Tikatero ana athu adzadziwa kuti nyamazi n'zawo, ndipo mpandawo udzakhala ndi alonda m'mudzi uliwonse.