Mwala ndi Utoto: Chéret ndi Toulouse-Lautrec

Luso losindikiza zithunzi ndi mwala adalitulukira Alois Senefelder ku Munich m'chaka cha 1796. Maziko ake ndi apafupi: mafuta ndi madzi sagwirizana. Mmisiri amajambula pa mwala wosalala ndi choko chamafuta, nanyowetsa mwalawo. Inki imagwira pokhapo pamene pali mafuta, ndipo pepala likapsinjidwa pamwalapo limatenga chithunzicho. Mtundu uliwonse wa utoto umafuna mwala wakewake, kotero kuti chithunzi cha mitundu inayi chimapita m'makina kanayi.

Amene adafikitsa lusoli m'misewu ndiye Jules Chéret, yemwe adatsegula nyumba yake yosindikizira ku Paris m'chaka cha 1866. Iye adazindikira kuti utoto wofiira, wachikasu ndi wabuluu ukasanjikizana umabala mitundu ina yambiri. Potero miyala idachepa, mtengo udatsika, ndipo amalonda adakhoza kulipira. Adajambula zithunzi zotsatsa malonda zopitirira 1,000. Komatu ntchito yake ili ndi chilema. Namwali wosekerera wa chovala chouluzika, wofanana nkhope nthawi zonse, ndiye amagulitsa mafuta a nyali lero, mankhwala a chifuwa mawa. Maso amakondwa, koma mtima susunga kanthu, pakuti nkhope yotamanda zonse siuza munthu chilichonse.

M'chaka cha 1891 Henri de Toulouse-Lautrec adajambula chithunzi choitanira anthu ku nyumba ya magule ya Moulin Rouge, ndi mitundu inayi yokha. Oonerera adawasandutsa mthunzi wakuda kumbuyo; mwamuna wa chipewa chachitali ndi mthunzi wotuwa kutsogolo; pakati pali mkazi wovina, La Goulue, ndipo kuyera kwa zovala zake si utoto ayi, koma pepala losiyidwa dala. Njira yodzaza malo aakulu ndi mtundu umodzi adaitengera ku zithunzi za ku Japan.

Tsono wopambana ndani? Chéret adalambula njira, ndipo pa ichi ayenera ulemu. Koma Lautrec adampambana, pakuti adadziwa choyenera kusiya. Nkhaniyi ikhudzanso mphunzitsi wojambula tchati chopachika pa khoma. Mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi ali ngati munthu wodutsa mumsewu: amaona chithunzi ali patali, ndiponso kanthawi kochepa. Tchati chodzaza mitundu khumi chimamsokoneza, pamene cha mitundu itatu yoikidwa mwanzeru chimamphunzitsa.